Nkhope ya timadontho: kupenda chithunzi cha Angelica Kauffman cha 1780

Chithunzi chosindikiza ichi cha nkhope ya Angelica Kauffman, mayi wojambula ndi penti, chiikeni pa tebulo pafupi ndi windo, kuwala kuzibwera chammbali, inu muime kaye patali ngati kutalika kwa mkono. Mukuona mayi ali m'kati mwa mpanda wozungulira ngati dzira, tsitsi atalikweza m'mwamba monga ankachitira akazi a ku London masiku amenewo. Nkhope ili phee. Tsaya likuoneka lofewa, moti mukhoza kulumbira kuti wina anapakapo choko n'kusisita ndi chala.

Tsopano tengani kagalasi kokulitsa zinthu ka 10, kaja amavala pa diso okonza mawotchi, mukaike pa tsaya lomwelo. Tsaya lija lasowa. Chatsala ndi timadontho ta inki, tambirimbiri, ngati mawere otayikira pa mkeka. Pansi pa chibwano tathithikana, pakati pa tsaya tatalikirana, ndipo pamwamba pa mphuno pali pepala lokha, mbee, lopanda kalikonse. Mukachotsa kagalasi, mayi uja wabwereranso.

Munthu akaona zimenezi kamodzi, kayang'anidwe kake ka zithunzi zakale zosindikiza kamasinthiratu. Amasiya kungofunsa ngati mayiyu anali wokongola, n'kuyamba kufunsa kuti dzanja liti linaika dontho ili apa, ndipo linaleka bwanji kuika lina pambali pake.

## Mayina ali m'munsimu

Musanabwerere ku nkhope, werengani tizilembo tili pansi pa chithunzi. Ambiri amatidumpha, chonsecho mbiri yonse ili pomwepo. Pa zithunzi za nthawi imeneyo, kumanzere kumakhala dzina la amene anajambula ndi penti, lotsatana ndi mawu a Chilatini akuti pinxit kapena pinx. Kumanja kumakhala la amene anazokota pa mkuwa, ndi mawu akuti sculpsit kapena sculp. Pansi penipeni pamakhala wogulitsa, keyala yake ndi tsiku. Tsikulo sankaliika mwa chizolowezi chabe: lamulo la ku Britain la 1735, limene analimenyera nkhondo wojambula William Hogarth, linkateteza chithunzi kwa akuba pokhapokha ngati dzina la mwini wake ndi tsiku zazokotedwa pa mkuwawo.

Pa chithunzi chathu, wa penti ndi Joshua Reynolds, pulezidenti woyamba wa Royal Academy, bungwe la akatswiri a zaluso la ku London. Wozokota ndi Francesco Bartolozzi, wa ku Florence, amene anaphunzira ntchito ku Venice kwa Joseph Wagner n'kubwera ku London mu 1764. Wogulitsa ndi John Boydell wa ku Cheapside, ku London, amene anachitulutsa pa 3 September 1780. Ndipo pakati, m'zilembo zokulirapo, pali dzina la mayiyo: Angelica Kauffman, pamodzi ndi mawu a Chilatini onena kuti ndi wa Royal Academy ya ku London.

Mawu amenewo ndi olemera. Mayiyu anabadwira ku Chur, ku Switzerland, mu 1741, ndipo anafika ku London mu 1766 ali kale katswiri wodziwika ku Italy. Pamene Royal Academy inkakhazikitsidwa mu 1768, akazi amene analowa ngati oyambitsa anali awiri okha, iye ndi Mary Moser. Atatha iwowa, mkazi wina anadzasankhidwa kukhala membala wathunthu mu 1936, Laura Knight. Johan Zoffany atajambula gulu la mamembala cha mu 1771 ndi 1772, anawaika m'chipinda chophunzirira kujambula munthu wosavala, mmene mkazi sankaloledwa kulowa. Ndiye Kauffman ndi Moser anangowapachika pa khoma ngati zithunzi ziwiri.

Bartolozzi naye ali ndi nkhani yake. Academy inkawaona ozokota ngati anthu okopera ntchito za ena, ndipo sinkawalola kukhala mamembala athunthu mpaka 1855. Iye analowa mu 1768 chifukwa anamulemba ngati wojambula ndi penti. Choncho pa pepala limodzili pakumana anthu awiri amene Academy inawalandira ndi dzanja limodzi.

## Kuchoka pa mkuwa kufika pa pepala

Njira imene Bartolozzi anagwiritsa ntchito imatchedwa stipple, kuzokota ndi timadontho. Inachokera ku njira ya ku France yotsanzira choko, ndipo amene anaifalitsa ku England ndi William Wynne Ryland, yemwe anazokota zithunzi zambiri za Kauffman. Ryland ameneyu anamaliza moipa: anamupachika ku Tyburn mu 1783 chifukwa chopeka zikalata za ndalama za East India Company. Dzanja lotha kutsanzira choko limathanso kutsanzira siginecha.

Ntchito imayamba ndi chimbale chafulati cha mkuwa, chopukutidwa mpaka kuwala ngati galasi. Kamzere kalikonse kotsalira pamenepo kadzatuluka pa pepala lililonse. Amachitenthetsa pang'ono n'kupakapo phula losakaniza ndi utomoni, lopyapyala kwambiri, kenako amalidetsa ndi utsi wa kandulo kuti singano ikadutsa, mkuwa uziwala pansi pake, wozokota aziona chimene akuchita. Chojambula chimaikidwa pa phulalo chotembenuka, chifukwa chosindikiza chimatuluka ngati mu kalilole. Zilembo zija nazonso zimalembedwa chobwerera, ndipo kawirikawiri inali ntchito ya mmisiri wina wodziwa zilembo zokha.

Kenako kuboola. Ndi singano imodzi, kapena ziwiri zomangidwa pamodzi, wozokota amabaya phula dontho ndi dontho. Pa malo aakulu monga kumbuyo kwa mutu kapena pa chovala amathandizidwa ndi kagudumu ka mano kotchedwa roulette. Apa mkuwa sunakhudzidwe, waboola phula lokha. Chimbale chija amachithira asidi wosungunula ndi madzi, amene amadya mkuwa pamene pabooledwa basi. Asidi akamadya pamatuluka tithovu, ndipo amatichotsa ndi nthenga, chifukwa thovu likakhala pa dontho limatchinga asidi, donthoro limatsala losaya. Pakapita mphindi zochepa amatsuka, kuumitsa, n'kutseka ndi vanishi malo amene ayenera kuoneka owala. Abwezeranso mu asidi kuti malo akuda apitirire kuzama. Amatero kangapo.

Zolakwika zazikulu apa ndi ziwiri. Phula likakhala ndi ming'alu kapena fumbi, asidi amalowa mmene sanaitanidwe, ndipo nkhope imatuluka ndi zipsera ngati za nthomba. Timadontho tikayandikana kwambiri n'kukhalitsa mu asidi, timakoma tolekanitsa timagumuka, pamakhala chidzenje chotakasuka chimene sichigwira inki. Pamene pamayenera kuda bii pamatuluka mbuu.

Nkhope sankaidalira asidi yekha. Phula likachotsedwa, wozokota amatenga burin, kachitsulo kakuthwa ka chigwiriro chokhala m'chikhatho, ndipo pa ntchito ya stipple nsonga yake imakhala yopindikira pansi. Amabaya mkuwa weniweniwo n'kutukula kanthu kakang'ono ngati mutu wa singano. Ichi ndi chimene kagalasi kanu kangakuonetseni bwino: dontho la asidi limakhala lobulungira la m'mbali mwa manyanya, pamene la burin limakhala losongoka mbali imodzi, ngati kambewu ka chitowe. Pa tsaya, pa chikope ndi pa milomo mupeza ta burin tambiri, ndipo timatsata kupindika kwa mnofu. Pamenepa ndi pamene mbuye ankagwira yekha. Bartolozzi anali ndi ophunzira ambiri, monga Peltro William Tomkins, Thomas Cheesman ndi Luigi Schiavonetti, ndipo dzina lake likakhala pansi pa chithunzi sizitanthauza kuti dontho lililonse ndi lake.

Kusindikiza ndi luso lapadera. Inki yake ndi yolimba ngati phala la dzulo, yopangidwa ndi utoto wa ufa ndi mafuta a linseed owiritsa. Amaipaka pa chimbale chofunda, kuikanikizira m'timaenje tonse, n'kupukuta pamwamba ndi nsalu yolimba ya mipata, pomaliza ndi chikhatho chopaka choko pang'ono. Mukapukuta mopitirira, timaenje tosaya ta pa nkhope timatsala topanda inki. Mukapukuta mopereweza, pepala lonse limada. Pepala limanyowetsedwa dzulo lake n'kugona lopanikizidwa. Louma kwambiri sililowa m'timaenje, lonyowa kwambiri limakana inki ya mafuta. Chimbale, pepala ndi mabulangete a ubweya zimadutsa pakati pa zigudumu ziwiri, munthu akukoka mikono ya makina ndi thupi lonse. Kope lililonse, kuyambiranso kupaka ndi kupukuta.

Njira yosunga inki m'maenje n'kuikankhira pa pepala ndi mphamvu sinafe. Tengani K200 yatsopano, muyendetse chala pa nkhope ya mayi Rose Chibambo, mumva inki yotukuka. Kusiyana kwake n'kwakuti pa ndalama nkhope imamangidwa kwambiri ndi mizere yopingasana, osati timadontho tokha. Kauffman nayenso anakhalapo pa ndalama: dziko la Austria linamuika pa pepala la 100 schilling la m'zaka za m'ma 1970, pakuti bambo ake anali a ku Schwarzenberg, m'dzikolo.

## Bata lija ndi lochita kupanga

Bata la nkhopeyi ndi la nyengo ya neoclassical. Mawuwa amanena za nthawi imene Ulaya anatembenukiranso ku zaluso za Agiriki ndi Aroma akale. Kufukula mzinda wakale wa Aroma wa Herculaneum kunayamba mu 1738, Pompeii mu 1748, ndipo Johann Joachim Winckelmann, wolemba za zaluso wa ku Germany, anaphunzitsa anthu kuti ukulu wa ziboliboli zakalezo uli m'kusachulutsa zinthu ndi m'kudekha. Kauffman sanamve zimenezi m'mphekesera. Anakumana naye Winckelmann ku Rome, ndipo chithunzi cha Winckelmann chimene Kauffman anajambula mu 1764 chili ku Zürich.

Pa chithunzi cha mkazi, maganizo amenewa amaoneka m'zinthu zoti mukhoza kuloza ndi chala. Mpanda wozungulira ngati dzira uja ukutsanzira timiyala tozokota ndi ndalama zachitsulo za Aroma. Pakamwa pamakhala potseka, mano saoneka. Mthunzi umayenda pang'onopang'ono, sudumpha kuchoka kowala kugwera kwakuda. Makwinya, tiziphuphu ndi kutopa kwa pansi pa maso zimachotsedwa, khungu lizifanana ndi mwala wa mabo. Stipple inagwirizana ndi zofuna zimenezi kuposa njira ina iliyonse, chifukwa ilibe mzere wakuthwa wodula tsaya. Komanso makope ambiri a Bartolozzi ankasindikizidwa ndi inki yofiirira kapena yakhofi kuti aoneke ngati chojambula cha choko chofiira, chija akatswiri a ku Italy ankakonda.

Kunena chilungamo, chithunzi cha 1780 chili pakhomo pa nyengoyi, sichinalowe m'kati mwenimweni. Tsitsi lokwezedwa lija ndi fashoni ya m'ma 1770. Madiresi oyera omangira pansi pa mabere ndi tsitsi lalifupi la Chigiriki, zija timaona pa chithunzi cha Madame Récamier chimene Jacques-Louis David anajambula mu 1800, zinadza pambuyo. Ine ndimachikonda chifukwa cha kusakanizika komweko: mutu ndi wa ku London, kudekha ndi kwa ku Rome.

Koma bata limeneli lili ndi mtengo wake, ndipo wopenda zithunzi asamadzinamize. Stipple imakonda kusalaza akazi onse mpaka afanane ngati a bere limodzi. Mukayala zithunzi khumi za akazi zochokera m'manja mwa Bartolozzi ndi ophunzira ake, mphuno yomweyo ndi kakamwa komweko zibwera kangapo. Mayi uyu mu 1780 anali ndi zaka pafupifupi 39, anali atadutsa m'manyazi a ukwati wa 1767 ndi munthu wachinyengo wodzitcha Count de Horn, ankadzidyetsa ndi manja ake, ndipo anali akumaliza zithunzi zinayi za kudenga la Academy ku Somerset House. Pa tsaya lija simupezapo chilichonse cha zimenezi. Ngati mukufuna munthuyo, pitani pa maso. Taonani mmene chikope chakumtunda chadera kuposa chakumunsi, ndi kachidutswa ka pepala loyera kosiyidwa m'kati mwa mboni ya diso. Kakanabayidwa ndi dontho limodzi lokha, diso likanafa.

Dziwaninso kuti Kauffman ankazokota yekha ndi asidi kuyambira ali ku Italy, ndipo kutchuka kwake ku Ulaya konse kunayenda kwambiri pa mapepala a Ryland, Bartolozzi ndi Thomas Burke. Ankadziwa bwino chimene mkuwa umachita ndi nkhope ya munthu.

## Kodi ndi cha 1780 chenicheni?

Tsiku lozokotedwa pa mkuwa limanena za chimbale, silinena za pepala lili m'manja mwanu. Chimbale chimodzi chimatha kusindikizidwa zaka zambiri mwini wake atafa, ndipo zithunzi za Bartolozzi zinakopedwa kwambiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene zinabwereranso m'fashoni.

Yambani ndi pepala. Liunikeni ku windo. Pepala lambiri la 1780 linapangidwa pa sefa ya mawaya, ndipo limaonetsa timizere tothithikana topita mbali imodzi, ndi mizere ina yotalikirana masentimita awiri kapena atatu yopingasa. Pepala losalala lopanda mizere linaliko kale, James Whatman anayamba kulipanga m'ma 1750, koma linafala m'ma 1790. Ndiye kusowa kwa mizere sikutsutsa, kumangokuuzani kuti muchenjere. Pepala loyera mbee, lonyezimira, kapena lofiirira lothetheka m'mbali ngati nyuzipepala yakale, limenelo ndi la mitengo, la pambuyo kwambiri. La 1780 ndi la nsanza.

Kenako mphako ya chimbale. Mphamvu ya makina imasiya kamzere kolowa kozungulira chithunzi ndi zilembo zomwe. Okopera ena amadinda kamzere kabodza ndi chitsulo chopanda inki. Kenikeni kamakhala ndi kauve pang'ono ka inki m'mphepete, ndipo pepala la m'kati mwake ndi losalala kuposa la kunja. Kamzereka kakasowa musafulumire kutaya mtima: anthu a nthawi imeneyo ankadula zithunzizi motsata mpanda wa dzira uja kuti zilowe m'mafelemu ozungulira. Chodulidwa chimatsika mtengo, koma chikhoza kukhala chenicheni.

Chachitatu, kagalasi. Timadontho ta dzanja n'tosiyana kukula ndi mtunda. Mukaona tili m'mizere yolongosoka ngati sefa ya pa windo, chimenecho ndi chosindikiza cha makina a masiku ano. Chovuta ndi photogravure, njira ya kamera imene inakhwima cha mu 1879, chifukwa nayo imasindikizidwa pa mkuwa ndipo imasiya mphako yeniyeni. Imagwidwa pa zilembo ndi pa madontho a burin: m'mbali mwake mumaoneka mofewa ngati mwanyowa, ndipo kusongoka kuja kumasowa.

Chomaliza ndi kutha kwa chimbale. Mkuwa ndi wofewa, ndipo kupukuta ndi kupanikiza kumaudya pang'onopang'ono. Njira yokutira mkuwa ndi chitsulo kuti ulimbe inadza m'ma 1850. Timaenje tosaya ndi timene timayamba kufafanizika, ndipo tosaya kwambiri tili pa nkhope. N'chifukwa chake kope lochedwa limakhala ndi tsitsi lakuda ndi chovala chooneka bwino, koma nkhope ili yoyera ngati yopaka ufa, maso ndi mphuno zikuyandama popanda tsaya lozigwira. Ena ankabwerezanso chimbale chotere ndi burin, ndipo mumaona madontho atsopano akuda, okhakhala, atakhala pamwamba pa akale otuwa. Osonkhanitsa zithunzi amalimbirana makope oyambirira, osindikizidwa dzina lisanazokotedwe, pa chifukwa chomwechi. Pofananitsa, National Portrait Gallery ndi British Museum ali ndi makope a chithunzichi, ndipo zithunzi zake zili pa intaneti.

Za mitundu, mawu ochepa. Ngati kope lili ndi mitundu, onani ngati timadontho tomweto ndi timene tili ndi mtundu, pepala la pakati pake lili loyera. Kumeneko ndi kusindikiza kwa à la poupée, kopaka inki zosiyana pa chimbale chimodzi ndi timipukutu ta nsalu. Mtundu ukaphimba madontho ndi pepala lomwe, ndi penti ya madzi yopakidwa pambuyo, mwina dzana lomweli.

## Chimene chimapha pepala

Inki ya mafuta ndi yolimba, chofooka ndi pepala. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, nkhungu imayamba, ndipo timawanga takhofi tija timabuka. Malo osungira zinthu zakale amayesetsa kukhala pa 50 peresenti, kuwala kosapitirira 50 lux. Kwathu kuno, nyengo ya dzinja ndiyo mdani. Musapachike pa khoma lakunja limene limamwa mvula, kapena moyang'anizana ndi windo. Ikani timitengo kapena tizidutswa ta koko wotsekera mabotolo kuseri kwa felemu kuti mpweya uzidutsa, ndipo muzitembenuza kawiri pa chaka kuona ngati chiswe kapena mphemvu sizinalowe.

Pepala lisakhudze galasi, pakhale katoni yopanda asidi yolekanitsa. Katoni wamba ndi thabwa la kuseri zimawotcha pepala, n'kusiya mzere wakhofi wozungulira chithunzi. Pomangirira, akatswiri amagwiritsa ntchito tizingwe tiwiri ta pepala lopyapyala la ku Japan ndi phala la sitachi ya tirigu, kumtunda kokha, kuti pepala lizitha kufutukuka ndi kukhwinyata ndi nyengo. Mukalimata mbali zonse zinayi limachita mafunde. Selotepi ndiye musayerekeze: guluu wake amalowa m'pepala, ndipo banga lake silichoka.

Mawanga akabuka, jiki ndi mandimu zisiyeni kukhitchini. Ngakhale labala yofufutira pensulo isayandikire nkhope. Timadontho ta pa tsaya tija takhala pamwamba pa pepala, totukuka pang'ono, ndipo labala ikadutsa kawiri imayamba kutimweta.